Masiku 30 a ku Joni akatha: kodi kutuluka n'kubwereranso kumathandiza?

aNaBanda, Ngabu

Moni nonse a m'bwalo lino. Ine ndine mayi wochita malonda pa Ngabu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikupita ku Johannesburg kukapikula mabulangete, nsapato ndi ziwiya zakukhitchini zomwe ndimagulitsa kuno komanso ku Nchalo. Nkhani ya masiku sinandivutepo, chifukwa ndikalowa pa Beitbridge amandipatsa masiku 30, pamene ine ndimangokhalako sabata imodzi kapena ziwiri n'kubwerako.

Ulendo ukubwerawu ndi wosiyana. Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Joni komweko ndi amuna ake, ndi woyembekezera mwana wake woyamba, ndipo ndiyenera kukakhala naye pochira mpaka atatuluka m'chikuta n'kupezako mphamvu. Ndikuona kuti pafunika miyezi iwiri, mwinanso itatu. Anzanga apamsika andiuza njira ziwiri. Ena akuti masiku akatsala pang'ono kutha ndikwere galimoto mpaka pa chipata cha Lebombo, ndilowe ku Mozambique, ndigone usiku umodzi, kenaka ndibwerere kuti andipatsenso masiku 30. Ena akuti ndisadzivute, ndingopereka pasipoti kwa a matransipota kuti akadinditse pa Beitbridge ine ndili m'nyumba. Ndikupempha amene akudziwa bwino nkhanizi kuti andiunikire, chifukwa malonda anga amadalira njira imeneyi ndipo sindikufuna kuti anditsekere chipata.

aPhiri, mphunzitsi wopuma, Bangula

Zikomo kwambiri mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Ndakhala ndikuthandiza achibale kulemba makalata pa nkhani zoterezi, choncho ndinakakamizika kuwerenga malamulo ake mofatsa.

Lamulo loyendetsa za anthu olowa ndi otuluka ku South Africa ndi la chaka cha 2002, koma zimene zikutikhudza kwambiri ife zinabwera ndi malangizo atsopano omwe anayamba kugwira ntchito mu May 2014. Chisanafike chaka chimenecho, munthu akapyola masiku ankalipira chindapusa pachipata n'kumapita, ndipo akuluakulu ena amene anayenda kalekale akadali ndi maganizo akuti zili choncho mpaka lero. Tsopano sakulandiranso chindapusa, m'malo mwake amakulembera chikalata chokuletsa kulowanso m'dzikomo. Amene wapyola ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kwa miyezi 12, amene wapyola kachiwiri pasanathe miyezi 24 amaletsedwa kwa zaka 2, ndipo amene wapyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka 5. Tsiku limodzi lokha ndi lokwanira kuti munthu alandire chiletso cha miyezi 12, ndipo kwa inu ochita malonda, imeneyo ndi nthawi yokwanira kuti makasitomala anu onse a pa Ngabu azolowere kugula kwa munthu wina.

Za njira ya ku Lebombo, anzanuwo akukuuzani zimene zimagwira ntchito kwa anthu ena osati kwa ife. Malangizo a 2014 aja amasiyanitsa pakati pa anthu okhala m'mayiko ochita malire ndi South Africa, monga Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini, ndi anthu a mayiko osachita nalo malire, m'gulu momwe muli Malawi. Mmalawi akatuluka kupita ku dziko loyandikana nalo n'kubwerera masiku ake oyamba asanathe, amamulowetsa pa masiku omwe aja, ndipo tsiku lotulukira silisuntha. Akabwerera masiku oyamba atatha kale, amatha kumupatsa masiku osaposa 7 basi. Masiku atsopano athunthu amaperekedwa kwa munthu amene akuchokera kudziko kumene amakhala. Choncho mukhoza kuwononga ndalama za galimoto ndi malo ogona ku Ressano Garcia, tauni ya ku Mozambique ya pachipatapo, n'kubwerako ndi sabata imodzi yokha m'pasipoti.

Njira yovomerezeka ndi kupempha kuti akuonjezereni masiku. Lamulo limalola kuti chilolezo cha mlendo chionjezeredwe ndi nthawi yosaposa miyezi itatu. Pempholi limapita ku Department of Home Affairs, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi otuluka, koma limadzera ku maofesi a kampani yolandira mapempho ya VFS Global, omwe ali ku Johannesburg, Pretoria, Durban, Cape Town ndi m'mizinda ina. Fomu imadzazidwa pa intaneti, mumalipira, mumasankha tsiku lokaonekera, ndipo patsikulo mumapita nokha ndi pasipoti kuti akakujambuleni ndi kutenga zidindo za zala. Amafuna kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira kukhalitsa, umboni woti muli ndi ndalama zodzisamalira, tikiti yobwerera, komanso kalata ya amene akukusungani pamodzi ndi umboni wa malo amene amakhala. Pano ndinene chinthu chimene ambiri sakonda kuchitchula pagulu: mapepala a mwana wanu ndi amuna ake ayenera kukhala olongosoka, chifukwa kalata yawoyo imapita limodzi ndi mapepala awo. Ngati pali chokayikitsa pamenepo, kambiranani pabanja musanalembe pempho lililonse. Ndipo popeza masiku 30 ndi ochepa, pempho liyenera kuyambidwa m'masiku oyambirira mutangofika, osati mwana atabadwa.

aNaMbewe, Nsanje Boma

Achemwali, zimene afotokoza aPhiri n'zoona, koma ine monga mnzanu wa pamsewu womwewo ndikusiyana nawo pang'ono pa nkhani yopempha masiku. Vuto lake ndi lakuti yankho silibwera nthawi imene inu mukulifuna. Mukhoza kupereka mapepala onse bwinobwino, masiku 30 n'kutha yankho lisanatuluke, ndipo mukafuna kubwerera kumudzi mwadzidzidzi, mwina kwagwa maliro, mumafika pachipata muli ndi risiti yokha m'manja. Risitiyo imasonyeza kuti munapempha, koma si chilolezo, ndipo munthu akhoza kupatsidwa chiletso n'kumakachita apilo ali kale kuno.

Chimene ndingachite ine ndi kugawa ulendo pawiri. Musathamangire kupita mimba idakali ndi mwezi wathunthu. Nyamukani nthawi yochira itayandikira, mukhale naye m'masiku ovutawo, kenaka mubwere masiku anu asanathe, mng'ono wanu kapena asewere anu akakulowereni m'malo. Mukafuna kupitanso, mudzanyamuke kuchokera kuno kwathu, ndipo mudzalowa ngati mlendo watsopano, n'kubwerako ndi katundu wa malonda monga mwa nthawi zonse. Ndalama ya basi ichuluka ndithu, koma siingafanane ndi kukhala miyezi 12 osapikula.

Chinthu china chimene amalonda tiyenera kukumbukira n'chakuti masiku 30 ndi malire apamwamba, si mangawa. Wogwira ntchito pachipata ali ndi mphamvu yopereka masiku ochepa, makamaka akatsegula pasipoti n'kuona kuti munthuyo amakhala ku South Africa nthawi yaitali kuposa kwawo, kapena akalephera kufotokoza kumene akukafikira ndi ndalama zomwe ali nazo. Pa Beitbridge nthawi zambiri timadutsa titatopa, pamzere wautali, kondakitala akufulumizitsa anthu kuti abwerere m'basi, ndipo ambiri amangolandira pasipoti n'kuiponya m'chikwama. Ine ndikangochoka pawindo ndimaima pambali, ndimatsegula tsamba lomwe adinda, ndimaliunika ndi tochi ya pafoni ngati kuli mdima, n'kuwerenga tsiku lomwe alemba, kenaka ndimalijambula n'kutumiza chithunzi kwa ana kunyumba. Ngati tsikulo silikuwerengeka bwino, nthawi yofunsa ndi yomweyo musanachoke pamalopo. Tsiku lolembedwalo ndi limene limagwira ntchito, osati masiku amene mwawerengera m'mutu.

Pobwerera musadikire tsiku lomaliza. Kuchokera ku Johannesburg kufika pa Beitbridge ndi makilomita oposa 500, ndipo basi ikachedwa kunyamuka chifukwa cholongedza katundu, kapena ikawonongeka panjira, kapena mukapeza mzere wa nyengo ya Khirisimasi, pakati pa usiku pamakupezani musanadinditse, tsiku n'kusintha muli chiimire. Kumbukiraninso kumapeto kwa 2024, pamene zionetsero za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinatseketsa misewu ina, anthu ambiri n'kuthawira kuno ku Nsanje. Maulendo odutsa m'dzikolo anasokonekera, ndipo amene anali ndi masiku otsala ochepa ku Joni ndi amene anasowa mtendere. Siyani masiku atatu kapena anayi apadera.

Onaninso masamba a pasipoti yanu. Ulendo umodzi wopita umadya zidindo 6: potuluka pa Mwanza, polowa pa Zobue, potuluka pa Cuchamano, polowa pa Nyamapanda, potuluka mbali ya Zimbabwe pa Beitbridge, ndi polowa mbali ya South Africa. Kupita ndi kubwera ndiye zidindo 12. Pasipoti ya masamba 36 imatha masamba zaka zake zisanathe kwa munthu woyenda pafupipafupi, n'chifukwa chake ena amasankha ya masamba 48.

Ndionjezepo za kuno kwathu, chifukwa zimakhudza njira yomweyo. Ife a kuchigwa tinazolowera kuwoloka kupita kwa achibale ku Mutarara kapena kutsidya kwa Shire ngati kupita kumudzi woyandikana nawo. Chiphaso cha pamalire chimene anthu amatenga pa ulendo waufupi ndi chinthu china, pasipoti ndi chinthu chinanso. Koma mukalowa ku Mozambique ndi pasipoti kudzera pa Marka, n'kudinditsa pa Vila Nova da Fronteira, mubwererenso pachipata kuti akudindeni chotulukira. Mukabwerera pabwato chifukwa ndi pafupi, mabuku awo amasonyeza kuti simunatuluke, ndipo nkhaniyo idzakupezani pa Zobue tsiku lina mukupita ku Joni, pomwe a ku Mozambique amawerengera chindapusa pa tsiku lililonse lopyola.

Mwana wa kwa Tengani, wokhala ku Johannesburg

Amayi, ine ndiyankhapo pa njira yachiwiri yokha, yopereka pasipoti kwa a matransipota, chifukwa ndimakhala kuno ndipo ndaona mathero ake. Njira imeneyi ndi yoopsa kuposa kupyola masiku kumene mukukuopa.

Munthu akamadutsa pachipata, sikuti amangomudinda. Pasipoti imalowetsedwa m'kompyuta, ndipo kulowa ndi kutuluka kwake kumasungidwa. Pasipoti yoyenda yokha m'thumba la munthu wina imabwera ndi zidindo zooneka bwino pamaso, koma inu mulibe njira yodziwira ngati chidindocho ndi chenicheni, kapena ngati zinalowa m'kompyuta. Mnzathu wina wa kumudzi anachita zimenezi kwa nthawi ndithu akuganiza kuti zonse zili bwino. Tsiku limene ananyamuka yekha kupita kumudzi, wa pawindo anayang'ana pakompyuta, anayang'ana m'pasipoti, anatsegulanso masamba akumbuyo pang'onopang'ono, kenaka anamuuza kuti aime pambali. Basi inapita ndi katundu wake yense, iye anatsala. M'kompyuta munkaoneka kuti chilowereni ulendo woyamba sanatulukepo.

Kusiyana kwake ndi uku: wopyola masiku amapatsidwa chiletso chokhala ndi malire, cha miyezi 12 kapena zaka zingapo, ndipo chikatha amalowanso. Wopezeka ndi chidindo kapena chilolezo chachinyengo amalowa m'gulu lina, la anthu oletsedweratu, ndipo chiletso chimenecho chilibe tsiku lothera pokhapokha mkulu wa Home Affairs atachichotsa. Pamwamba pa zimenezo ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo, kukaonekera kukhoti, n'kukasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kuti amubweze kwawo. Kuyambira mu April 2023, ntchito ya m'zipata za dziko lino ili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority, ndipo nkhani za anthu ogwidwa atanyamula mapasipoti a anthu ena zimamveka kawirikawiri.

Ganiziraninso masiku amene pasipotiyo ili paulendo. Inu mudzakhala mukuperekeza mwana wanu kuchipatala, mukupita kogula zinthu, mulibe chilichonse chosonyeza apolisi akakufunsani. Ikatayika, amene munamupatsayo sangakayankhe kulikonse, ndipo inu simungakafotokoze zoona zake za mmene yatayikira. Ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ofesi yake ya kuno ku Johannesburg zimathandiza anthu otaya mapasipoti ndi chikalata chobwererera kumudzi, koma chikalatacho n'chobwererera basi, sichikonza mbiri yanu ya m'kompyuta ya Home Affairs.

Chomaliza, popeza mwati mumachita malonda: chilolezo cha mlendo chimakulolani kucheza ndi kugula katundu, koma sichikulolani kugwira ntchito kapena kuyala malonda. Amayi ena akabwera kudzasamalira ana amabwera ndi mpunga, nsomba zouma kapena zitenje n'kumagulitsa pakhomo kuti apeze ya sopo. Pa ulendo uno pewani zimenezo, makamaka ngati mudzakhala mutapereka pempho loonjezera masiku.

Wogwira ntchito kumalo ogona alendo, pafupi ndi Majete

Ndingoikapo mawu ochepa kuchokera mbali inayi, kuti tisaone ngati ndi a ku South Africa okha amene amawerengera masiku. Alendo amene amabwera kudzaona nyama ku Majete ndi ku Lengwe, kapena kudzaona mbalame ku Elephant Marsh, nawonso amapatsidwa masiku 30 polowa m'dziko muno. Akafuna kukhalitsa amakaonjezera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka, mpaka masiku onse pamodzi akwane 90, ndipo wofuna kupitirira pamenepo amayenera kupempha chilolezo china, cha Temporary Residence Permit. Mu February 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, ndipo alendo ena anamva ngati palibenso chowerengera, pamene kuchotsa vizako kunangokhudza kalowedwe, masiku anakhalabe ndi malire. Ndi chimodzimodzi ndi ife ku South Africa: sitifunika viza pa ulendo waufupi, koma masiku ndi owerengeka. Alendo athu timawalangiza kuti akwere Thabwa kupita ku Blantyre kukaonjezera masiku kukadali sabata yathunthu, makamaka nyengo ya mvula, chifukwa tonse tikukumbukira mmene misewu inadukira ndi namondwe wa Ana mu January 2022 komanso wa Freddy mu March 2023.

aNaBanda, Ngabu

Ndathokoza kwambiri nonse. Za kupereka pasipoti ndazisiya, ndipo za ku Lebombo ndaona kuti n'kutaya ndalama. Ndikupendekera ku maganizo a aNaMbewe ogawa ulendo, chifukwa mng'ono wanga ali ndi pasipoti ndipo akhoza kundilowa m'malo. Mwanayo akuyembekezeka kuchira mu February. Nkhawa imene yanditsalira ndi iyi: bwanji ngati atachira movutikira, mwina kudzera opaleshoni, kapena khanda litagonekedwa m'chipatala, ine masiku akutha? Mayi sangasiye mwana wake pabedi chifukwa cha chidindo. Kodi pamenepo lamulo limamvako chifundo?

aPhiri, mphunzitsi wopuma, Bangula

Funso limeneli ndi lenileni, mayi, ndipo yankho lake lili pawiri. Pachipata penipeni chifundo musachiyembekezere kwambiri, chifukwa wogwira ntchito pawindo akaona kuti tsiku lapyola amalemba chiletso monga mmene malamulo amamuuzira, ndipo kufotokoza kwanu konse amakuuzani kuti mukakulembe m'kalata ya apilo. Mpata womvera zifukwa uli ku apiloko. Mumalemba kalata yofotokoza zimene zinachitika, mumaphatikiza chikalata cha chiletso chimene akupatsani, masamba a pasipoti osonyeza dzina lanu ndi zidindo, kalata ya kuchipatala, ndi risiti ya VFS Global ngati munapereka pempho, n'kuzitumiza ku Home Affairs pa imelo. Matenda ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amaziganizira, koma chiletso chimagwirabe ntchito nthawi yonse imene mukudikira yankho, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti lidzakomera inu. Ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe ikhoza kukuuzani kumene apilo imatumizidwa pa nthawiyo.

Choncho zinthu zikangoyamba kuvuta, musadikire kuti muone mmene zithere. Tsiku lomwelo pemphani adokotala kalata yokhala ndi chidindo cha chipatala, dzina la wodwala, tsiku limene anagonekedwa, ndi mawu osonyeza kuti akufunika womusamalira, kenaka muuze akamwini anu akuthandizeni kudzaza fomu yoonjezera masiku pa intaneti masiku anu adakalipo. Munthu amene anapempha nthawi idakalipo ndipo ali ndi kalata ya chipatala amakhala ndi poimira pa apilo, kusiyana ndi amene anangokhala chete. Apa ndi pamene maganizo anga ndi a aNaMbewe akukumana: konzani ulendo wogawa pawiri, koma munyamule mapepala onse ofunika pa pempho ngati kuti mudzawagwiritsa ntchito. Ndibwinonso kuti mng'ono wanuyo akhale wokonzeka kunyamuka msanga kuposa mmene mwapanganira, ndalama yake ya basi ili kale pambali, kuti zikavuta iye afike inu musanachoke.

Popeza ulendowu ndi wa February, pakati pa mvula, nyamukani pa Ngabu kukadali tsiku limodzi kapena awiri, mukagone kwa achibale ku Blantyre m'malo modalira kukwera Thabwa m'mawa wa tsiku la basi. Zimenezi sizikudyerani masiku, chifukwa masiku a ku South Africa amayamba kuwerengedwa pa Beitbridge.

Chimene muyenera kuchita sabata ino ndi kutsegula mapasipoti onse awiri, yanu ndi ya mng'ono wanu, n'kuona tsiku lothera ndi masamba otsala. South Africa imafuna kuti pasipoti ikhale ndi masiku osachepera 30 kupitirira tsiku lomwe mukutuluka, koma popeza mukudutsanso ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, n'kwanzeru kuti ikhale ndi miyezi yosachepera 6. Ngati ina ikufunika kukonzanso, pitani ku Blantyre panopa, chifukwa kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo ndipo ambiri anaphonya maulendo awo. Mukaona, mutiuze tsiku lothera la pasipoti iliyonse ndi chiwerengero cha masamba opanda chidindo, kuti tiwerengere limodzi ngati akwanira maulendo awiri.